Tinta ya M'botolo

Zaka makumi anayi ndi chimodzi a Ambrósio anakhala m'banja ndi mayi Ermelinda ku Msumba, ndipo zaka zonsezo mayiwo sanalole kujambulidwa. Anthu ankawatchula amake Beni, potengera mwana wawo mmodzi yekha amene anapita ku Nampula kalekale n'kuiwala njira yobwerera. Wojambula akafika pa ukwati kapena pa ubatizo, amake Beni ankakokera duku kumaso n'kubisala kumbuyo kwa anzawo. Ankati nkhope yawo si usipa woti uyanikidwe pathandala kuti aliyense wodutsa auone. Kachithunzi ka pa khadi yovotera kanali kakuda ngati khala, koti eni ake omwe sankadzizindikira, ndipo khadiyo inapita ndi madzi chaka chimene mvula inagwetsa khoma la kuchipinda.

Anamwalira mwezi wa Febuluwale, atatsokomola masabata atatu. Anthu a maliro atabalalika, a Ambrósio anatsala ndi mphasa ziwiri, mitanga ya malemu ndi singano yosokera maukonde, ntchito imene inkawadyetsa bambowo chipwetekereni msana.

Patatha milungu iwiri kunabwera Celma, mwana wa mlongo wawo, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale ku Metangula. Anabweretsa shuga ndi sopo, nakhala pakhonde nthawi yaitali akuzungulira nkhani. Kenaka anatulutsa foni.

"Amalume, pali chinthu ndinawalakwira azakhali. Musakwiye."

Anawapatsira foniyo m'manja. Munali amake Beni. Anavala duku loyera la amayi a mumpingo ndi kapulana, chitenje cha maluwa ofiira, atatembenukira chammbali, akuseka mpaka mpata wa m'mano kuonekera. Pansi pa diso panali kachipsera ka mbedza imene inawakola ali mtsikana. Celma anafotokoza kuti tsiku limenelo ankajambula kwaya, mwera n'kuulutsa mapepala a akatekisiti, iwo n'kuyamba kuwathamangira atagwira mkanjo m'manja. Amake Beni anaseka osadziwa kuti foni yawaloza.

A Ambrósio anayang'anitsitsa. Chala chawo chokakala chinakhudza galasi, nkhope ija n'kuthawira kumbali. M'malo mwake munabwera atsikana atatu ovala mathalauza, atanyamula mabotolo m'mphepete mwa nyanja. Anakhudzanso, munabwera mnyamata wampira wovula malaya.

"Ndiye azakhali ako akukhala ndi awa?"

"Ndi foni chabe, amalume. Zonse zimakhala pamodzi."

"Chabe!"

Mafoni ankawadziwa. Chaka chathacho msodzi wa ku Meluluca anamira, ndipo atamuvuula pa tsiku lachitatu, chithunzi cha thupi lake lotupa chinayenda m'manja mwa anthu mu shapa, minibasi yonyamula anthu, wina akutafuna chinangwa, wina akuti andionetsekonso. Mkazi wa msodziyo anali atakhala mpando wakumbuyo.

"Mawa tipita ku Metangula," anatero a Ambrósio. "Ukawatulutse mmenemo, akhale pa pepala, abwerere kunyumba kwawo."

Pafupi ndi msika wa ku Metangula panali kabaraka ka malata ka Che Cassimo. Ankatchaja mafoni, ankachulukitsa mapepala a aphunzitsi ndi a asilikali a panyanja, ndipo pakona, pansi pa kansalu koteteza fumbi, panali makina osindikizira. Anali munthu wa zaka ngati makumi asanu, wa kofia woyera, koma zala zake zinali zamawangamawanga, kufiira apa, chikasu apo, ngati wadya zipatso zakutchire.

"Aphunzitsi, bondiya. Lero mwabwera ndi inspeketa?"

"Ndi amalume anga a ku Msumba, Che Cassimo. Tikufuna chithunzi cha malemu azakhali."

Che Cassimo anachotsa nthabwala pankhope, napepesa maliro monga mwa mwambo. Analumikiza foni ku kompyuta, nkhope ya amake Beni n'kudzaza galasi lalikulu. Kenaka anatsekula makina, natulutsa kabokosi kakuda kokwana m'dzanja, nakagwedeza pafupi ndi khutu.

"Vuto ndi ili, achikulire. Uyu ndi tinteru, mmene mumakhala tinta yolembera. Wa mitundu anatha dzana. Weniweni, wa m'bokosi lomata, amachokera ku Lichinga. Ndatuma wa shapa. Mwina Lachisanu, mwina sabata ya mawa, Mulungu akalola. Koma ndineneretu, chithunzi cha tinteru ameneyo chimadula. Eni ake makinawa ndi ochenjera. Ng'ombe amakupatsa pa mtengo wa nkhuku, koma udzu wake ukagule kwa iwo okha."

"Nanga mapepala a anthuwa mukuwalemba ndi chiyani? Madzi a m'nyanja?"

"Ndi ya m'botolo." Analoza mabotolo atatu pa shelefu, lofiira, lachikasu ndi labuluu, opanda ndi dzina lomwe. "Ndimathira ndekha ndi jakisoni. Njotsika mtengo kwambiri. Mayeso a ana, kalata yopempha ntchito, zinthu zoti mwezi ukatha zakutira mandazi, imagwira bwino. Koma chithunzi cha malemu, ine ndinganene kuti dikirani."

A Ambrósio anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. Nyimbo imeneyi anaimva kambiri. Wogulitsa aliyense amakhala ndi chabwino chimene chili m'njira, ndipo chabwinocho chimakhala chodula nthawi zonse. Anaimva kwa munthu amene anawagulitsa ulusi wa ukonde akuti ngwa ku Tanzania, n'kuduka pa mlungu umodzi. Anaimva kwa anyamata a mataye amene analemba mayina a okalamba m'mudzi monse, natenga ndi mapepala awo, osaonekanso. Anaimva ngakhale kwa wogulitsa mankhwala a chifuwa, amake Beni ali gone pamphasa. Munthu akakhala wosauka mpaka imvi, amaphunzira kuti mawu okoma ndi nyambo, ndipo mbedza ili mkati.

"Tinta ndi tinta," anatero. "Yofiira ya ku Lichinga imafiira kuposa yofiira ya m'botolo?"

"Lero zifanana. Vuto ndi mawa. Iyi imaopa dzuwa, imaopa chinyontho."

"Inenso ndimaopa dzuwa ndi chinyontho, koma ndakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Thirani."

"Amalume," Celma analowerera, "zolipira ndi zanga. Tidikire Lachisanu."

"Si nkhani ya zolipira. Azakhali ako sagonanso mu foni ndi anyamata amaliseche mpaka Lachisanu la munthu wa shapa. Thirani, Che Cassimo, kapena tipite kwina."

Kwina kunalibe, ndipo onse atatu ankadziwa. Che Cassimo anakweza mapewa, nayala nyuzipepala yakale patebulo. Anamatula kapepala pamwamba pa tinteru, pomwe panali timabowo titatu timene anaboola kale ndi msomali wamoto. Anakoka tinta yofiira ndi jakisoni, nailowetsa pang'onopang'ono ngati namwino wobaya khanda, akuwerenga chamumtima. Anasintha jakisoni, nathira yachikasu, kenaka yabuluu. Anatseka mabowo ndi tepi, nadinda kunsi kwa tinteru pa kansanza konyowa mpaka panaoneka timizere titatu.

Atamubwezera m'makina, kanyali kanayamba kuphethira.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Ambrósio.

"Akuti tinteru alibe kanthu."

"Si mwathira pompano, ine ndikuona?"

"Amakana dala. Akudziwa kuti chakudyacho si cha kwawo. Ndimangowakakamiza." Anapanikiza batani nthawi yaitali mpaka makina anagonja.

"Mwaona, aphunzitsi? Makina omwe ngabodza ngati eni ake," anatero a Ambrósio.

Pepala loyamba linatuluka ndi mizeremizere ngati nsalu ya matiresi, nkhope yodukaduka. Che Cassimo anafuna kuliponya m'katoni ya zinyalala, koma a Ambrósio analilanda, naling'amba tizidutswa, natiika m'thumba la malaya kuti akatenthe kunyumba. Lachiwiri linatuluka pang'onopang'ono, duku poyamba, kenaka chipumi, maso, kachipsera, mano. Linali lonyowa, lowala, maluwa a kapulana ofiira ngati angothyoledwa kumene. A Ambrósio analilandira ndi manja awiri monga amalandirira mkate wa pa guwa. Anatembenukira kukhoma kuti anthu a pamsika asaone.

Atatembenukanso, nkhope ija inali ikadali pa galasi la kompyuta, ndipo msilikali wina wodikira mapepala ake ankaiyang'ana, akuchokosola m'mano.

"Tsopano chotsani mmenemo."

"Ndisunge, achikulire," anatero Che Cassimo. "Sichidya malo. Tsiku lina mudzafuna china."

"Mkazi wanga sanali wa pamsika. Chotsani ine ndikuona."

Che Cassimo anafufuta. Ndipo poti anali munthu woopa Mulungu, anati, "Zofufutidwa zimayamba zakhala mu dengu ili. Ndikhuthulenso?"

"Ndiye mumafuna kubisa mu dengu! Khuthulani."

Anakhuthula. A Ambrósio anatembenukira kwa Celma.

"Amalume, ayi. Ndi azakhali anganso."

"Ukawafuna ubwere ku Msumba, ukawapeza kunyumba kwawo. Iwo anakuloleza kuwajambula? Unaba. Wakuba akagwidwa amabweza."

Celma anawayang'ana, misozi ili lengelenge. Anakweza foni kuti aone bwino, nakhudza kawiri. Pamene panali amake Beni panabwera atsikana a mabotolo aja. Sanawaperekeze kokwerera shapa.

Kunyumba anakulunga chithunzicho m'pulasitiki woonekera, nachikhomera ndi msomali pakhoma loyang'anizana ndi chitseko, kuti akatsekula mmawa kuwala kuziyamba kugwera pa iwo. Dzuwa likatuluka kumapiri linkalowa pakhomo n'kukhala pa nkhopeyo mpaka cha m'ma teni. A Ambrósio ankakhala pansi pake ndi ukonde pamiyendo, akusoka, akuwauza amake Beni nkhani za m'mudzi: amene wagula injini, amene wathawidwa ndi mkazi, mtengo wa palafini. Ankawadandaulira za Beni. Nthawi zina ankawakalipira chifukwa chosiya mpeni pamalo osadziwika. Amake Beni ankangoseka, atatembenukira chammbali. Miyezi imeneyo nyumba sinali yopanda munthu.

Mwezi wa Ogasiti anaona kuti maluwa a kapulana asanduka ngati tiyi wochuluka mkaka. Anati ndi maso awo okalamba, nasukusula ndi madzi a mchere. Mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika poti mchenga sungapondeke, kachipsera kanali katapita. Anayandikira, nafunafuna ndi chala pamwamba pa pulasitiki. Khungu la amake Beni, limene linali loderapo ngati mphika watsopano, linayamba kubiriwira ngati ndere za pamwala.

Anasamutsira chithunzicho kukhoma lamdima. Koma mvula itayamba mu Disembala, pulasitiki anachita thukuta mkati, ndipo mmawa wina anapeza pakamwa patayenderera, kuseka kuja kutatsikira kuchibwano. Anachitulutsa msangamsanga, nachiika pakati pa buku la mapemphero kuti chiume mowongoka, nasanjikapo mwala wa ukonde. Lamulungu potsekula buku, tsamba linakana. Anakoka mosamala monga akanathera, koma tsaya limodzi linatsalira pa Masalimo.

Chimene chinawaopsa kwambiri chinabwera pambuyo. Tsiku lina ali kusoka anatseka maso kuti awaone amake Beni monga analili, akuchokera kunyanja ndi ndowa pamutu. Ndowa anaiona, mayendedwe anawaona, mapazi otambalala aja. Koma pankhope panabwera ndere zija. Anayesa za tsiku la ukwati, anayesa za tsiku limene Beni anabadwa. Paliponse mkazi ankatembenukira chammbali, wobiriwira, wopanda pakamwa. Anali atayang'ana pepala miyezi khumi, ndipo pepalalo linadya nkhope yeniyeni m'mutu mwawo, tsopano nalonso linali kupita.

Kumayambiriro kwa Febuluwale kunabwera mayi Matilde, mtsogoleri wa amayi a mumpingo, mnzawo wa malemu chiyambire utsikana.

"Bambo a Beni, chaka chakwana. Apadiri avomera Misa ya chikumbutso Loweruka likubwerali. Tamva muli ndi chithunzi cha anzathu. Tidzachiika patebulo kutsogolo, pakati pa maluwa. Enafe maso athu akuwafuna."

"Chilipo," anatero a Ambrósio, osawalowetsa m'nyumba.

Mmawa mwake anakwera shapa, chithunzi chili mu envulopu pansi pa malaya. Anafika pa baraka ali ndi mawu okonzeratu.

"Munandigulitsa madzi a masamba, Che Cassimo!"

Che Cassimo anatulutsa pepala mu envulopu, naliyang'ana, napukusa mutu. Akanatha kunena kuti ndinakuuzani. Sananene. Anakoka mpando, nauza anthu awiri amene ankadikira kuti abwerenso masana.

A Ambrósio anakhala. Ukali unawathera msanga ngati moto wa mapesi. Anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu.

"Tamverani, achimwene. Ine amalonda ndimakudziwani. Simutaya kanthu. Msomali wopindika mumasunga, nanji chithunzi. Tsiku lija munandionetsa dengu limodzi, koma lilipo lina, eti? Sindikwiya. Tulutsani, ndipo sindidzauza munthu."

"Wallahi, achikulire, dengu linali limodzi."

"Ganizani bwino."

"Munati ndichotse, ndinachotsa. Ndipo kompyuta ija inapsa ndi mphezi mwezi wa Novembala, iyi ndi ina. Ngakhale akatswiri a ku Lichinga alibe pofufuza."

A Ambrósio anayang'ana pansi, pa simenti yodontheredwa mitundu itatu.

"Chimene ndingayese ndi ichi," anapitiriza Che Cassimo. "Ndijambule pepala lomweli ndi makina, ndilikoke mitundu, mwina zobisika zingadzuke. Tinteru weniweni ndili naye tsopano, ndatsekula dzulo."

Anagoneka pepala pagalasi, kuwala kunayenda pansi pake. Nkhope inabwera pa kompyuta, yaikulu, ndipo kukula kwakeko kunangoonetsa poyera zimene zinasowa. Che Cassimo anadetsa, anawalitsa, anachotsa kubiriwira n'kuika kofiirira. Duku linabwerera bwino. Maso anakhala mabowo awiri akuda.

"Ndikhoza kukonza ndi dzanja pang'ono, mukamandiuza. Mphuno inali yotani? Yotambalala kapena yosongoka?"

"Inali... mphuno. Yabwino."

"Milomo?"

A Ambrósio anayang'ana mabowo awiri akuda aja pagalasi.

"Ndikukumbuka panali kachipsera. Kanali diso liti?"

Anakweza dzanja, nagwira pansi pa diso lawo lamanzere. Kenaka lamanja. Zaka makumi anayi ndi chimodzi anadzuka pafupi ndi kachipsera kameneko. Chala chinakhala m'malere pakati pa maso awiri.

"Musajambule," anatero potsiriza. "Mungandipatse mkazi wa eni ake. Tulutsani mmene ziliri."

Makina sanaphethire, sanakane. Pepala linatuluka lolimba, losalala, lonunkhira zatsopano. Che Cassimo analiika m'chikwama cha pulasitiki wokhuthala, nawotcha m'mbali mwake ndi makina ena kuti mpweya usalowe. Ndalama anakana.

"Ili silisuluka," anatero mwakachetechete, ngati akupepesa. "Likhala zaka zambiri."

Kusukulu anafika ana ali pa nthawi yopuma. Celma anawaona ataima pa mpanda, chipewa m'manja, natuluka. Chichokereni tsiku lija anali atabwera ku Msumba kamodzi kokha, ndipo anangosiya sopo pakhonde. Anagwada pang'ono powapatsa moni, nawatengera pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi phokoso.

Anamuonetsa mapepala onse awiri. Celma anagwira pakamwa.

"Mwana wa mlongo wanga," anayamba a Ambrósio, ndipo mawu anatuluka movuta, chifukwa sanazolowere kupempha. "Ana a masiku ano ndinu ochenjera. Mumakhudza apa, chinthu chimabisala apo. Tsiku lija unandipusitsa, eti? Unatumiza kwa mnzako tisanafike. Nena kuti unandinamiza. Ndikupempha."

Belu linalira. Ana anathamangira m'makalasi, bwalo linatsala la awiriwo.

"Ndinaganiza zimenezo, amalume. Tili mu shapa chala chinali pa dzina la mnzanga. Kukhudza kamodzi kokha."

"Eya. Ndiye unakhudza."

"Sindinakhudze. Kuyambira ndili mwana mumati tonse ndife akuba. Amayi anga akuba, Beni wakuba, apadiri akuba. Ndinati mwina mukaona kuti ine ndachita ndendende zimene mwanena, mudzakhulupirira munthu mmodzi pa dziko lino." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana. "Ndikanadziwa ndikanakuberani."

A Ambrósio anagwedeza mutu kangapo. Anabweza mapepala mu envulopu, manja akulephera kupeza pakamwa pake, mpaka Celma anawathandiza.

"Loweruka kuli Misa," anatero.

"Ndamva. Ndibwera."

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza. Tchalitchi cha ku Msumba chinali chozizira, chonunkhira makandulo ndi nsalu zonyowa. Beni sanabwere, anangotumiza mawu kudzera kwa Celma kuti ntchito yamugwira. Amayi a maduku oyera anali atayala nsalu patebulo laling'ono kutsogolo, naika maluwa m'mabotolo awiri, pakati n'kusiya malo.

A Ambrósio anayenda pakati pa mabenchi, envulopu ili pachifuwa. Njira yonse kuchokera kunyumba ankakonza zoti anene: kuti chithunzi chinatayika, kuti mbewa zinadya. Koma mayi Matilde anali atatambasula kale manja awiri, ndipo amayi ena anasonkhana kumbuyo kwawo, akusuzumira pamapewa. Anatulutsa pepala latsopano lija, napereka.

Mayi Matilde analitalikitsa, naliyandikitsa. Duku loyera linkawala bwino. Pansi pake panali chinthu chofiirira chopanda malire, mabowo awiri, ndi banga loyera pamene panali tsaya. Mayi wina wachitsikana anayamba kunena kuti, "Koma apa..." ndipo mnzake anamutsina.

Mayi Matilde anakweza maso, nayang'ana a Ambrósio. Anaona malaya ochapidwa ndi mwamuna, kolala yopindika, ndi manja amene sankadziwa pokhala.

"Ee," anatero mokweza kuti onse amve. "Ndi iwowo ndithu. Taonani mmene akusekera."

"Ndi iwowo," anavomera amayi ena, mmodzimmodzi. "Amake Beni enieni."

Linali bodza, ndipo a Ambrósio analimva bwinobwino, monga ankamvera mabodza onse moyo wawo wonse. Anadikira kuti mkwiyo ubwere monga unkabwerera. Sunabwere. Anaona mayi Matilde akuimika pepalalo pakati pa maluwa, akuliwongola ndi zala mwaulemu, ndipo anazindikira kuti mayiwo sakuyang'ana pepala konse. Maso awo anali patali pang'ono, pa munthu amene iwo ankamuonabe.

Apadiri analowa, mpingo unaimirira. A Ambrósio anakhala pa benchi ya abambo, kumapeto, pafupi ndi kanjira. Nyimbo yoyamba itayamba anawerama chakumbali, kumene mayi Matilde ankadutsa kubwerera kumalo kwawo, nagwira nsonga ya kapulana yawo ngati mwana.

"Amayi," ananong'ona. "Misa ikatha musafulumire kupita. Mudzandiuze mmene ankaonekera."